Ndikatuluka m'tchalitchi osamva kanthu, ndiye kuti sindinapembedze?

Funso: Ndine mayi wa ana asanu, ndimagulitsa nyemba ndi kapenta pa msika wa Kapata ku Chipata. Kutchalitchi kwathu achinyamata adabweretsa nthawi imene amaitcha praise and worship, kutanthauza kutamanda ndi kupembedza. Akayamba nyimbo zozizira zija anzanga amalira, ena amagwada, koma ine mtima umangoti zii, maganizo ali pa ndalama imene sindinapereke ku chilimba, gulu lathu losonkherana ndalama mosinthana. Amuna anga adaleka kupita, akuti amapembedza bwino pawailesi ali kunyumba. Kupembedza kwenikweni n'chiyani? Kodi ndikungotaya nthawi?

Yankho: Amayi, simukutaya nthawi. Palibe pamene Malemba adalamula kuti wopembedza azituluka m'tchalitchi maso ali psuu. Chimene chakusautsani chayambira pa dzina. Mphindi 20 za nyimbo zikapatsidwa zokha dzina lakuti kupembedza, munthu amayamba kuona kuwerenga Mawu, ulaliki, chopereka ndi Mgonero ngati zapambali, ndipo akapanda kulira pa mphindi zimenezo amadziona ngati wabwerera chimanjamanja.

Tiyambire pa chinthu chimene mukuchidziwa kale. Pa Chiweru chomaliza cha Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba. Mfumu imafika pamaso pa Kalonga Gawa Undi modzichepetsa, imafotokoza m'mene anthu ake akukhalira, imapereka mphatso, kenako imatchera khutu ku zimene Kalonga anene. Pobwerera palibe amene amaifunsa kuti, "Kodi munamva kanthu m'thupi?" Yafika, yavomereza amene ali wamkulu, yamva mawu, ndipo ikawachita kwawo. Ulemu wopita kwa mfumu ndi wina, kulambira Mulungu n'kwina, tisaziphatikize. Koma liwu lakuti kulamba ndi lakuti kulambira ndi a banja limodzi, ndipo chithunzicho chimatifikitsa pafupi ndi m'mene Baibulo limalankhulira.

Baibulo lili ndi mawu awiri aakulu pa nkhaniyi. Loyamba, m'Chihebri ndi m'Chigiriki momwe, ndi kuwerama mpaka nkhope kufika pansi. Lachiwiri ndi kutumikira, kugwira ntchito ya mbuye wako. Pa Mateyu 4:10 Yesu poyankha Satana adawaika pamodzi onse awiri: kugwadira Mulungu ndi kutumikira Iye yekha. Onse awiriwo ndi zochita, ndipo munthu angathe kuzichita mtima uli wolemera.

Liwu lathu lakuti kupembedza lili ndi msampha wake. Timanena kuti tikupembedza mwana akamalira, kutanthauza kumunyengerera kuti atonthole. Makolo athu chilala chikavuta ankapita kukachisi ndi ufa ndi mowa kukapembedza kuti mvula igwe. Ganizo lomwelo limalowa nafe m'tchalitchi osadziwa: tiimbe mokweza, tibwereze kambirimbiri, mwina Mulungu atsika. Werengani 1 Mafumu 18. Aneneri a Baala 450 adafuula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuvina, kudzitema ndi mipeni, koma kunali zii. Pemphero la Eliya lili m'mavesi awiri okha, 36 ndi 37. Pa kupembedza kwa Chikhristu woyamba ndi Mulungu. Iye ndiye amaitana, amalankhula, amakhululukira, amadyetsa anthu ake. Ife timavomera, monga m'mene mumavomerera nyimbo wina akaiyambitsa.

Yesaya 6 akuonetsa bwino m'mene kuyankhanaku kumayendera. Mneneri akuona Ambuye pampando wachifumu, aserafi akufuula katatu kuti Iye ndi woyera. Pomwepo Yesaya akuona kuipa kwake, akuti tsoka kwa iye chifukwa milomo yake njonyansa. Khala lamoto lochokera paguwa likhudza pakamwa pake, auzidwa kuti tchimo lake lachotsedwa. Atatero m'pamene akumva mawu ofunsa amene angatumidwe, iye n'kudzipereka. Kutamanda, kulapa, kukhululukidwa, kumva Mawu, kutumidwa. Chimene Yesaya adayamba kumva m'thupi sichinali kukoma, chinali mantha.

Mpingo wasunga dongosolo lomweli kuyambira kale. Cha m'ma 150, Mkhristu wina wa ku Roma, Justin Martyr, adalembera mfumu ya Aroma kufotokoza zimene Akhristu ankachita pa Sondo. Ankasonkhana a m'tauni ndi a kumidzi, ankawerenga zolemba za atumwi kapena za aneneri malinga ndi nthawi imene inalipo, wotsogolera ankalangiza anthu kuchokera pa zowerengedwazo, onse ankaimirira kupemphera. Kenako ankabweretsa mkate, vinyo ndi madzi, wotsogolera ankayamika, anthu onse n'kuvomera kuti Amen. Madikoni ankatengera Mgonero kwa amene sanabwere, ndipo chopereka chinkathandiza amasiye, odwala, andende ndi alendo. Nthawi imeneyo Sondo linali tsiku la ntchito, lamulo lopumula lidabwera mu 321 ndi mfumu Constantine. Anthuwo ankapembedza ali ndi ntchito yowadikira, ngati inuyo ndi tebulo lanu la kumsika.

Mukalowa tchalitchi ya Reformed ku Magwero, kumene amishoni a Dutch Reformed adayambira ntchito mu 1899, kapena Misa ku St Anne's m'tauni muno, kapena kwa a Anglican ku Msoro, kapena kwa a Adventist ku Mwami pa Sabata, mupeza kusiyana kwa zovala, nyimbo ndi chiphunzitso, kwina kusiyana kwakukulu ndithu. Koma kuyankhana kuja kulipo: Mulungu alankhula, anthu avomera. Kumidzi kumene abusa kapena ansembe amafika patalipatali, mkulu wa mpingo kapena katekisti akawerenga Mawu pansi pa denga la udzu, popanda kiyibodi, anthu amenewo apembedza mokwanira.

Nyimbo zili ndi malo ake, ndipo ndi malo aulemu. Akolose 3:16 amati poimba timaphunzitsana ndi kulangizana. Agogo amene sawerenga amasunga chikhulupiriro chawo chonse m'nyimbo, ndipo pa bedi la imfa nyimbozo n'zimene zimatsala pakamwa. Anzanu amene amalira musawanyoze, chifukwa Mulungu adalenga mtima ndi misozi yomwe, ndipo ambiri amalira moona. Kungoti nyimbo yozizira, yobwerezedwa, pakati pa khamu, imatha kuliza munthu ngakhale mawu ake sakunena za Mulungu. Pa maliro a munthu amene simumudziwa, amayi akayamba nyimbo usiku pa siwa, misozi imatha kulengeza. Tsono misozi payokha siikuuzani ngati munthu wakumana ndi Mulungu, ndipo kusowa kwake sikukuuzani kuti sanakumane naye.

M'buku la Masalimo, limene linali buku la nyimbo la Yesu mwini, muli nyimbo zambiri za anthu owuma mtima. Salimo 42 ndi la munthu wokumbukira masiku amene ankatsogolera gulu ku nyumba ya Mulungu, koma tsopano moyo wake wawerama. Salimo 88 limathera mumdima, popanda mawu otonthoza, komabe lidasungidwa kuti liziimbidwa. Mu 2024, chimanga chitapserera m'minda yambiri ya chigawo chino mpaka boma kulengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, amene adapitabe kutchalitchi nkhokwe zili mbee ankachita zimene zili pa Habakuku 3:17-18: mkuyu usaphuke, m'munda musatuluke chakudya, m'khola musakhale ng'ombe, ine ndidzakondwerabe mwa Yehova. Kumeneko ndi kupembedza kolemera kuposa kwa chaka cha zokolola zambiri.

Ndalama ya chilimba ija musalimbane nayo ngati mdani wolowerera. Mukamaikankha imabwerera mwamphamvu. Itengeni muiike m'pemphero momwemo, ndi dzina lake ndi kuchuluka kwake: "Ambuye, ndikusowa ndalama zakutizakuti pofika pa Chisanu, ndikuopa manyazi pamaso pa anzanga." Hana pa 1 Samueli 1 adapita ku nyumba ya Yehova ndi vuto la m'banja, milomo ikungogwedezeka osatulutsa mawu, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Iye adati akutsanulira mtima wake pamaso pa Yehova. Mukatchula nkhawayo kamodzi momveka, bwererani ku mawu a nyimbo kapena a ulaliki. Maganizo akathawanso, abwezeninso, ngakhale kakhumi. Kubweza maganizo kumeneko ndi mbali ya kugwada.

Zambiri zimaonongekera kunyumba munthu asananyamuke. Amene watseka malonda usiku pa Chiweru, wadzuka mochedwa, wakalipira ana chifukwa cha nsapato yosowa, wafika ulaliki uli pafupi, sangayembekeze mtima wodekha. Yesani izi kwa masabata anayi. Pa Chiweru madzulo konzani zovala za ana ndi ndiwo za mawa, ikani padera chopereka chanu monga 1 Akorinto 16:2 akunenera, malinga ndi m'mene mwapezera, kuti musachite kufufuza pansonga ya chitenje mbale itafika kale. Khalani pansi mphindi khumi, muwerenge salimo limodzi, mudzifunse ngati pali amene mwayambana naye sabata imeneyo. Ngati alipo ndipo n'kotheka, mulankhuleni, chifukwa Mateyu 5:23-24 akuti usiye mtulo wako paguwa, uyambe wayanjana ndi mbale wako. Pa Sondo fikani mphindi khumi mapemphero asanayambe, foni itazimitsidwa, osati kungoichepetsa mawu, pakuti makasitomala sadziwa Sondo. Khalani chakutsogolo koma kutali ndi sipika. Imbani ndi pakamwa panu ngakhale mawu anu ndi osasalala, poti gule ndi aliyense. Pa ulaliki musayese kusenza zonse: gwirani vesi limodzi ndi chinthu chimodzi choti mukachite, mulembe kuseri kwa kabuku kanu ka ngongole za makasitomala, kumene mudzaziona tsiku lililonse.

Kabukuko ndatchula dala. Muyeso umene aneneri amagwiritsa ntchito uli kumsika. Amosi 8:4-6 akudzudzula amalonda amene ankasunga Sabata ndithu, koma mumtima akufunsa kuti lidzatha liti kuti akagulitse tirigu ndi muyeso wochepetsedwa, mtengo wokwezedwa ndi sikelo yonyenga, kusakaniza ndi mungu womwe. Pa Amosi 5:23-24 Mulungu akuti achotsereni phokoso la nyimbo zawo, chilungamo chiyende ngati madzi. Kwa wogulitsa nyemba mawuwa ngachindunji: meda yosapindidwa pansi, nyemba zofumbwa zosabisidwa pansi pa zabwino, mtengo umodzi kwa wovala bwino ndi kwa mwana wotumidwa. Sindikukuganizirani zoipa, amayi. Ndikunena kuti ngati pa Mande mumayeza moona chifukwa choopa Mulungu amene mudamugwadira pa Sondo, mwapembedza, ngakhale diso silinanyowe. Izi n'zimene Aroma 12:1 amatcha kupereka matupi athu nsembe yamoyo.

Koma si zonse zili pa inu. Nthawi zina anthu amauma chifukwa cha m'mene mapemphero akuyendetsedwera, ndipo apa ndikulankhula ndi abusa, akulu a mpingo ndi achinyamata oimbitsa, mwaulemu, chifukwa ntchito yawo njolemetsa ndipo ambiri amaigwira mosalipidwa.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusandutsa mpingo kukhala oonerera. Werengerani nokha: makwaya asanu ndi limodzi, iliyonse nyimbo ziwiri za mphindi zisanu, ndi ola lathunthu anthu atangokhala. Onjezani zolengeza za mphindi 30 ndi kulandira alendo mmodzimmodzi, ulaliki umayamba ana ali ndi njala, okalamba akusinza. Makwaya azisinthana masabata, awiri pa Sondo akwana. Zolengeza zisapitirire mphindi khumi, zina zipite kumadera ndi kumiphakati kapena pa WhatsApp. Mpingo wonse uimbe wokha nyimbo zinayi kapena zisanu.

Kenako kiyi, kutanthauza kukwera kapena kutsika kwa mawu a nyimbo. Woyambitsa nyimbo amasankha poyambira pomukomera iye, kawirikawiri pamwamba, ndipo abambo ndi amayi achikulire akalephera kufikapo amangotseka pakamwa n'kumaomba m'manja. Mawu a anthu wamba amayenda bwino kuyambira pa C mpaka pa D wapamwamba. Woimba kiyibodi ayese mzere wokwera kwambiri wa nyimboyo asanasankhe kiyi. Phokoso nalo limatseka anthu pakamwa, pakuti munthu akapanda kudzimva yekha amaleka kuimba. Mkulu mmodzi aime kumbuyo kwa tchalitchi: ngati akumva masipika okha osamva mpingo, kapena ngati ayenera kufuula kuti woyandikana naye amumve, atsitse. Ganiziraninso makanda ali kumsana pafupi ndi sipika, makutu awo sachedwa kuonongeka. Ndipo magetsi akazima, nyimbo isaime kudikira jenereta. Mpingo umene sungathe kuimba popanda magetsi walandidwa chuma chimene makolo ake anali nacho.

Chilankhulo ndiye nkhani imene ndimaiona yolemera kuposa zonsezi. Paulo pa 1 Akorinto 14:19 akuti mu mpingo angakonde kulankhula mawu asanu omveka kuposa mawu zikwi khumi osamveka, ndipo pa vesi 15 akuti adzaimba ndi mzimu, adzaimbanso ndi nzeru. Anthu adagwira ntchito zaka zambiri kuti Buku Lopatulika lituluke lathunthu mu 1922, ndipo Akatolika adadikira mpaka msonkhano wa Vatican II, mu 1963, kuti khomo la zilankhulo za anthu pa Misa litseguke. N'zomvetsa chisoni kuti lero agogo a ku Chipata aimirire mphindi 20 akumva nyimbo za Chingerezi zimene sakuzitola. Nyimbo ya Chingerezi kapena ya Chibemba siyoletsedwa, m'tauni muli anthu a mitundu yambiri, koma woyambitsa anene tanthauzo lake m'mawu awiri atatu, ndipo zambiri zikhale za chilankhulo cha anthuwo. Nyimbo yatsopano ikhale imodzi pa mwezi, iphunzitsidwe mzere ndi mzere, iimbidwe masabata atatu otsatizana. Asanaibweretse, oimbitsa alembe mawu ake papepala ndi kuwawerenga popanda chuni. Ngati sakunena chimene Mulungu ali kapena chimene wachita mwa Khristu, chuni chokoma sichingaipulumutse.

Woimbitsa asalamulenso mitima ya anthu. Mawu onga akuti amene sakumva kanthu ali ndi vuto, kapena kubwereza mzere umodzi mpaka wina agwe, ndi amene amabala mafunso ngati anuwa. Wowerenga Mawu apatsidwe ndime yake pofika pa Chitatu, aiwerenge mokweza katatu kunyumba, kuti mayina ovuta asamupunthwitse paguwa. Pa chopereka, kuitana anthu ndi mayina ndi kulengeza ndalama zimene aliyense wapereka kumathamangitsa osauka mwakachetechete. Yakobo 2 adachenjeza kale za kusiyanitsa wovala mphete yagolide ndi wovala sanza.

Tsopano za abambo akunyumba. Mapemphero a pawailesi ndi dalitso kwa odwala, okalamba, alonda ndi anamwino a pa ntchito. Koma wailesi singabatize, singakupatseni mkate ndi chikho, singaone kuti mwasowa masabata atatu, ndipo singabwere kudzakumba manda. Imakupatsaninso mpata wosintha siteshoni mawu akayamba kulasa. Machitidwe 2:42 akutchula zinthu zinayi zimene Akhristu oyamba ankalimbikira: chiphunzitso cha atumwi, chiyanjano, kunyema mkate ndi mapemphero. Ziwiri zapakatizo sizichitika munthu ali yekha, n'chifukwa chake Ahebri 10:25 akuti tisaleke kusonkhana. Chikuni chimodzi sichipsetsa mphika.

Komabe musawaponyere mavesi amenewa pa nsima. Mwamuna amene ankapita n'kuleka nthawi zambiri ali ndi chifukwa chimene sanachitchule: adayambana ndi mkulu wina, adalonjeza ndalama ya chitukuko imene adalephera kupereka, adaikidwa pa chilango osayenderedwa, kapena phokoso lomwelo lidawatopetsa. Afunseni pa nthawi yabwino, muli awiri, kuti chidawakhumudwitsa n'chiyani, ndipo mumve mpaka amalize. Pa 1 Petro 3:1-2 akazi akulangizidwa kukopa amuna awo ndi makhalidwe koposa mawu ambiri.

Poti iwo akuti amapembedza kunyumba, yambirani pomwepo. Apempheni kuti azitsogolera banja madzulo mukatha kudya, mphindi 15 zokha: nyimbo imodzi imene onse akuidziwa, mavesi khumi kapena khumi ndi asanu owerengedwa ndi mwana, funso limodzi lakuti ndimeyi ikutiuza chiyani za Yesu, kenako pemphero lalifupi lotchula zosowa za m'nyumbamo, n'kutsiriza ndi Pemphero la Ambuye. Yambani ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha ndipo nkhani zake zimayenda msanga. Zikapitirira mphindi 15 ana amatopa ndipo mwambowo sukhalitsa, choncho ndi bwino kuleka anthu akadafuna. Pakapita mwezi, pemphani kuti mapemphero a dera kapena a mphakati adzachitikire pakhomo panu, abambowo atavomera. Ngati pali mlandu ndi mpingo, uzani mkulu mmodzi amene iwo amamulemekeza, makamaka wa msinkhu wawo, kuti adzawachezere yekha, osati gulu, ndipo ulendo woyamba abwere kudzamva, osatenga khadi la zopereka.